Mlendo ndi Mame: Za Alendo Odzipereka pa Gombe la Nkhotakota

Makolo athu adatisiyira miyambi iŵiri yonena za mlendo, ndipo poyamba kuimva munthu angayese kuti ikutsutsana. Woyamba umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wachiŵiri umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi woyambawo umatichenjeza kuti timsamale mlendo lero lomwe, popeza maŵa sitidzamuona. Wachiŵiriwo umatikumbutsa kuti nzeru imene yatisoŵa pamudzi nthaŵi zina imatulukira kunjira. M'nkhani yathu ya lero tiyesa miyambi iŵiriyi pa mtundu umodzi wa alendo, ndiwo anthu aja amachoka kumaiko akutali kudzagwira ntchito mongodzipereka, amene ambirife timangowatchula kuti mavolontiya. Tiyang'ana makamaka pa gombe la Nkhotakota, chifukwa m'Malaŵi muno ndi oŵerengeka malo amene adaona alendo amitundumitundu kuposa pamenepa.

Chimene chidakokera alendo ku Nkhotakota ndi doko lake. Mchenga wa ku Sungu umatchinga mafunde a mwera, kotero kuti chombo chimatha kukocheza mwabata ngakhale nyanja itakalipa. Cha m'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina wochokera kugombe la kum'maŵa kwa Afirika, dzina lake Salim bin Abdallah, napempha malo kwa mfumu Malengachanzi. Adalandiridwa monga mlendo, koma posakhalitsa mlendoyo adasanduka mwini, natchuka ndi dzina laulemu loti Jumbe. Iye ndi amene adamloŵa m'malo ankawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa zombo zamatanga, ulendo wa ku Kilwa. Anthu omwewo ndiwo adakhazikitsa Chisilamu pamalopo ndi kukuza ulimi wa mpunga umene Nkhotakota adadziŵika nawo. Motero anthu a kugombeli adaphunzira kale kwambiri kuti kalumo ka mlendo kamameta bwino, komanso kamatha kucheka mpaka magazi.

David Livingstone adafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndipo alendo amasonyezedwa mtengo umene anthu amati iye adakhala pansi pake. Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe mu 1889, zaka ziŵiri dziko lino lisanaikidwe m'manja mwa Angerezi. Koma aŵaŵa anali odutsa chabe. Mzungu woyamba amene tingamuyerekeze ndi volontiya wa masiku ano, munthu wobwera mwa kufuna kwake kudzakhala pakati pa anthu, anali wansembe wa mpingo wa Anglican dzina lake Arthur Fraser Sim.

Sim adatumidwa ndi bungwe la U.M.C.A., limene lidabadwa chifukwa cha mawu amene Livingstone adalankhula ku Cambridge mu 1857. Antchito a bungweli sankalandira malipiro monga a boma kapena a kampani. Ankangopatsidwa chakudya, pogona ndi kandalama kochepa kogulira zovala. Sim adaphunzira ku Cambridge, nagwira ntchito yaunsembe pakati pa anthu a m'mafakitale ku West Hartlepool, kumpoto kwa England. Atafika kuno mu 1894 adayamba wakhala pang'ono pa chilumba cha Likoma, pamene panali likulu la mishoni, kenaka adawoloka nyanja kukatsegula ntchito ku Nkhotakota. Adafika m'chaka chomwe Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, adamwalira, mzinda uli pa mphambano: ulamuliro wakale ukutha, watsopano usanakhazikike. Anthu ambiri anali Asilamu, ndipo pamsika pankamveka Chinyanja, Chiyao ndi Chiswahili. Palibe phunziro la ku Cambridge limene likadamuuza munthu ameneyu mmene angapemphere malo kwa mfumu, mmene angadziŵire udzu wofolera wabwino, kapena mmene angakopere ana kuti abwere kusukulu m'mudzi wokhala ndi aphunzitsi akeake a Korani.

Zimenezi adamphunzitsa ndani? Makalata ake, amene adasindikizidwa m'buku iye atamwalira, adasunga dzina lake kwa mibadwo yam'tsogolo. Koma mbiri ya mishoni imatchulanso mphunzitsi wachikuda, William Kanyopolea, amene adagwira naye ntchito ya sukulu, ndipo pambuyo pa Kanyopolea panali ophika, omanga nyumba ndi opalasa bwato amene maina awo sadalembedwe. Chaka cha 1895 chidali chaka cha maliro pa mishoni imeneyi. Mu Seputembala Bishopu Chauncy Maples adamira m'nyanja ngalaŵa yake itagubuduzika ndi namondwe, ndipo thupi lake lidaikidwa ku Nkhotakota. Mu Okutobala Sim nayenso adamwalira ndi nthenda ya kutentha thupi, atangokhala pamalopo chaka chimodzi ndi masabata oŵerengeka. Mame adakamukadi msanga. Komabe sukulu sidatsekedwe, tchalitchi cha All Saints chidamangidwa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 padayamba chipatala chimene chidadzakhala St Anne's. Ntchito idapitirira chifukwa idali itayamba kugwira mizu mwa eni dziko.

Tisaiŵalenso kuti kudzipereka sikudachokere kutsidya kwa nyanja zamchere kokha. Leonard Kamungu, mwana wa kugombe la kum'maŵa kwa nyanja yathu, amene adadzozedwa unsembe mu 1909, adatumikira ku Nkhotakota, kenaka adavomera kupita ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, kukakhala mlendo pakati pa anthu osawadziŵa. Adamwalira komweko mu 1913. Njira ya mlendo wodzipereka idayendedwa ndi ana a kunyanja omwe.

Tsopano tilumphe zaka zambiri, tifike mu 1960, pamene misonkhano iŵiri idachitika motalikirana kwambiri koma m'nyengo imodzi. Kumapeto kwa Seputembala chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota, dziko likukonzekera kudzilamula. Pa 14 Okutobala, ku yunivesite ya Michigan m'dziko la Amereka, John F. Kennedy adafunsa ophunzira ngati angalole kupereka zaka zingapo za moyo wawo kukagwira ntchito m'maiko osauka. Atakhala mtsogoleri wa dzikolo adakhazikitsa bungwe la Peace Corps pa 1 Malichi 1961, ndipo oyamba adapita ku Ghana ndi ku Tanganyika chaka chomwecho. Angerezi anali atayamba kale bungwe lawo la V.S.O. mu 1958. Gulu loyamba la Peace Corps lidafika ku Nyasaland mu 1963, chaka chimene Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala nduna yaikulu, ufulu wa pa 6 Julayi 1964 uli pafupi.

Dziko linkawafunadi anthu ameneŵa. Sukulu za sekondale zinali zochepa, zatsopano zinkatsegulidwa m'maboma, koma Amalaŵi okhala ndi madigiri anali oŵerengeka, pakuti Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa mu 1965. Achinyamata a ku Amereka adadzaza mpata umenewu m'makalasi a masamu, sayansi ndi Chingerezi. Ena adaloŵa ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu ndi ya sikelo ya ana. Kalumo kameneka kanali kakuthwa ndithu, ndipo pali akuluakulu ambiri m'dziko muno amene adakameteredwa.

Koma maphunziro awo okonzekera ulendo anali achilendo. Magulu oyambirira ankaphunzitsidwira kwawo komweko, ena pa yunivesite ya Syracuse m'chigaŵo cha New York, kumene nthaŵi yozizira kumagwa chipale chofeŵa. Kumeneko ndiko ankaloŵeza moni wa Chinyanja ndi kumva za nsima imene anali asanailaŵe. Atafika kuno, aliyense adayenera kudzisankhira njira: kukhala monga ankakhalira azungu a nthaŵi ya atsamunda, m'nyumba yaikulu ndi ku kalabu, kapena kuloŵa pakati pa anthu. Paul Theroux, amene pambuyo pake adatchuka polemba mabuku, adaphunzitsa ku Soche Hill nasamukira m'lokeshoni ya Kanjedza. Pa mavuto a nduna a 1964 adathandiza David Rubadiri, yemwe adasiya ukazembe, pomtengera mayi ake ndi galimoto lake ku Uganda, ndipo mu 1965 adapirikitsidwa m'dziko muno. Jack Allison, amene adagwira ntchito ya zaumoyo m'mudzi wa Nsiyaludzu kufupi ndi Balaka kuyambira 1967 mpaka 1969, adachidziŵa Chicheŵa mpaka kupeka nyimbo. Ija ya Ufa wa Mtedza, yolangiza amayi za phala la ana, idamveka pa wailesi ya M.B.C. kwa nthaŵi yaitali. Aŵiriŵa sadakhale ku Nkhotakota, koma akutisonyeza chimene chidali kuchitika m'dziko lonse: mlendo wodziŵa chilankhulo amaleka kukhala woonerera, ndipo zimenezi zimakondweretsa ena, zimaopsa ena.

Boma la nthaŵi imeneyo silidakondwe. Padali madandaulo pa kavalidwe, tsitsi lalitali ndi maganizo amene ankati akusokoneza ana asukulu, ndipo mu 1969 chipani cholamula chidagamula kuti a Peace Corps achoke. Pofika 1971 ambiri anali atapita. M'chaka chomwecho adayamba kufika odzipereka a ku Japan, amene m'kupita kwa zaka adabwera ochuluka zedi. A ku Amereka adabwereranso pang'onopang'ono, ndipo kuyambira 1978 ntchito yawo idayenda mosadukiza kwa zaka zoposa 40.

M'zaka zimenezi akuluakulu a bungweli adazindikira chimene mbiri ya Sim ikadawauza kale, kuti mudzi umaphunziridwa m'mudzi. Maphunziro adasamutsidwira kuno. Obwera kumene ankakhala miyezi iŵiri kapena itatu m'mabanja a m'midzi ya ku Dedza, ndipo pambuyo pake ya ku Kasungu, aliyense ndi amayi ndi abambo ake omlera, akuphunzitsidwa chilankhulo ndi aphunzitsi a Chimalaŵi. Potsiriza ankalumbiritsidwa ku Lilongwe kuti adzatumikira zaka ziŵiri, kenaka n'kumwazikana. Boma la Nkhotakota lidalandira gawo lake: aphunzitsi m'sukulu za sekondale zoyendera, a zaumoyo m'zipatala zazing'ono, ndi a zachilengedwe m'midzi yozungulira nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota.

Tiyeni, omvera, timtsatire mmodzi wa otereŵa pa tsiku lofika, pakuti mmene zinkakhalira zinali zofanana kwa ambiri. Galimoto limene lamtula limabwerera tsiku lomwelo. Iye amatsala pakhonde la kanyumba kamalata ndi matiresi, ndowa, mbaula ndi njinga, ana atandanda kumpanda akumuyang'ana osaphethira. M'thumba mwake muli chikalata chosonyeza kuti wapambana mayeso a Chicheŵa. Koma Chicheŵa chimene adachiphunzira kumapiri a Dedza chikumveka mwina pakamwa pa asodzi, amene amathamangitsa mawu ndi kusakanizamo a Chiswahili. Ndipo ngati amtumiza kumpoto, kupitirira Dwangwa kulinga ku Dwambazi, adzapeza kuti pachitsime akulankhula Chitonga. Adazoloŵera kuzizira, nsima ya chimanga ndi mbatata ya kachewere. Kuno apeza dzuŵa lowotcha, mpunga, usipa, chigwada ndi kondowole womata m'manja, wa chinangwa chimene amayi aviika masiku angapo asanachiyanike ndi kuchisinja. Apa m'pamene maphunziro achiŵiri amayambira, ndipo aphunzitsi ake salandira malipiro.

Woyamba ndi mnzake wa pantchito, kaya mphunzitsi wamkulu kaya mlangizi wa zaumoyo, amene amamtenga kukamuonetsa kwa a mfumu, chifukwa munthu saloŵa m'mudzi mwa eni ngati mbuzi yosokera. Kumeneko amaphunzira kukhala pansi asanalankhule, kuwomba m'manja, kulandira chinthu ndi manja aŵiri, ndi kudikira kuti nduna itule mawu ake. Achiŵiri ndi amayi a nyumba yoyandikana nayo, amene poona utsi ukufuka popanda moto amabwera ndi khala pa phale, namusonyeza kuthyakula nsima kuti isachite mibulu. Amayi omwewo ndiwo amamuuza malo a pagombe oyenera kusamba akazi ndi oyenera amuna, madzi odikha amene muli nkhono za likodzo, ndi mathithi a kumene mitsinje ya Bua ndi Kaombe imathirira m'nyanja, kumene munthu sayenda mosasamala chifukwa cha ng'ona. Achitatu ndi ana, amene saopa kumseka akaphonya mawu, motero amamuwongola lilime msanga kuposa buku lililonse.

Phunziro lovuta koposa ndi la nthaŵi. Mlendo amabwera ndi pepala la zochita, naitanitsa msonkhano 8 koloko m'maŵa, koma n'kukhala yekha pansi pa mtengo wa mango. Akafulumira kukwiya adzati anthuŵa safuna chitukuko. Akafatsa adzaona kuti amuna achezera usiku wonse panyanja ndi nyali ndi chilimira, ndipo akugona. Kuti amayi ali pa thandala kuyanika usipa usanavunde. Kuti mwera ukaleka kuwomba patapita masiku angapo palibe msodzi angasiye bwato chifukwa cha msonkhano. Kuti Lachisanu masana ndi nthaŵi ya kumzikiti, ndipo mwezi wa Ramadani uli ndi kayendedwe kake. N'chifukwa chake malangizo a bungweli ankati miyezi itatu yoyamba munthu asathamangire kuyambitsa zinthu, koma ayende, apereke moni, amvetsere. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamwamba pa zonsezi pali maliro. Pamudzi pakagwa zovuta ntchito iliyonse imaima, ndipo anthu amaona amene wabwera ndi amene sadabwere. Mlendo amene wamva kulira natseka chitseko chake adzakhala zaka ziŵiri akutchedwa mzungu uja. Koma amene wavala chitenje nakakhala ndi amayi m'siŵa, kapena wakhala panja ndi abambo pamoto kufikira kucha, napereka chipepeso chake chochepa, naperekeza mpaka kumanda, ameneyo tsiku lotsatira amadzuka ali munthu wa pamudzi. Kaŵirikaŵiri ndi pa nyengo yotere pamene dzina la mfunda limene adampatsa moseka limayamba kugwira, anthu n'kumati Anaphiri apita kusukulu, Abanda abwera kuchokera kuboma. Lumbiro la ku Lilongwe limampanga munthu kukhala wantchito wa bungwe; ubale amampatsa ndi eni mudzi, ndipo sapereka kwa aliyense.

Nanga mame akakamuka chimatsala n'chiyani? Apa mbiri iyenera kunena zoona. Pali zinthu zambiri zimene zidafa tsiku lomwe mwini wake adakwera ndege: khola la nkhuku lopanda nkhuku, chipinda cha mabuku chokhomedwa loko, mjigo wothyoka wosoŵa woukonza. Zimenezi zidafa chifukwa zidatsamira pa mlendo yekha ndi ndalama za abale ake. Zimene zidakhala ndi zija zidaikidwa m'mitu ndi m'manja mwa anthu: mtsikana amene adalimbikitsidwa kuti asasiye sukulu nakhala namwino, mlimi amene adaphunzira kufesa mitengo naphunzitsa anzake, komiti ya pamudzi imene idazoloŵera kusunga ndalama zake. Lamulo lake ndi lomwe lija la 1895: Sim adagona m'manda, koma sukulu idatsala ndi aphunzitsi ake.

Palinso kusiyana kumene chikondi sichingakufafanize, ndipo anthu a kumudzi amakudziŵa ngakhale sakunena. Sim adafa ndi matenda omwe ankapha anansi ake. Volontiya wa zaka zino amabwera ndi mankhwala oteteza ku malungo, neti, foni ndi dokotala womuyembekezera ku Lilongwe, zikavuta amatengedwa. Mu Malichi 2020, mliri wa COVID-19 utabuka, odzipereka a Peace Corps pafupifupi 7,000 pa dziko lonse lapansi adaitanidwa kwawo m'masiku oŵerengeka, ambiri osatsazika bwino, ndipo kutumiza ena kudayambanso mu 2022. Anansi awo adatsala pomwepo kudikira chimene chingabwere. Zimenezi sizichotsa ulemu wa munthu amene adasiya kwawo kudzatunga madzi pamjigo pamodzi nafe, koma zimatikumbutsa kuti katundu wa mudzi amasenza ndi eni mudzi.

Tinenenso kuti phindu silidayende njira imodzi. Chimodzi mwa zolinga zitatu za Peace Corps chidali choti anthu a ku Amereka adziŵe bwino mitundu ina. Lero m'mizinda ya ku Amereka, ku Britain ndi ku Japan muli madokotala, aphunzitsi ndi akuluakulu a mabungwe amene amatha kuyankha moni wa Chicheŵa, amene amadziŵa fungo la usipa wouma ndi mtambo wa nkhungu ukamakwera panyanja. Ambiri a iwo amavomera poyera kuti adalandira zochuluka kuposa zimene adapereka. Ngati ndi tero, ndiye kuti midzi ya m'mbali mwa nyanja yakhala sukulu yaikulu kwa zaka zoposa 100, yophunzitsa ana a maiko olemera kudekha, ulemu ndi kukhala ndi anthu.

Miyambi yathu iŵiri ija, tsono, sikutsutsana ayi. Mlendo amadzadi ndi kalumo, ndipo n'kupusa kukana kumetedwa chifukwa chakuti wometayo ndi wachilendo. Koma popeza ndi mame, nzeru ndi yakuti kalumoko katsale m'manja mwa mwana wa pamudzi amene waphunzira kukanola. Ndipo inu achinyamata amene mudzalembe mbiri ya maboma athu, mukadzafika pa nkhani ya alendo ameneŵa, musadzalekere pa maina opezeka m'mabuku a kunja. Mudzapite ku Linga, ku Chia, ku Bua ndi ku Dwangwa, mukafunse agogo kuti ndani adampatsa mlendo moto tsiku loyamba, ndani adamtengera kwa a mfumu, ndani adamchezera usiku atagwidwa ndi malungo. Maina amenewo akali m'mitima ya anthu, ndipo nthaŵi yowalemba ndi ino, eni ake akali moyo.